Masentimita 13 pakati pa pulopela ndi matope a Chilwa

Boti limene ndikunena pano si langa ndekha. Tinaligula pamodzi ndi alamu anga, ndipo limanyamula anthu ndi katundu pakati pa doko la Kachulu ndi chilumba cha Chisi, pamene ine ndimakhala mumzinda wa Zomba n'kumadikira lipoti la madzulo pa foni. Woyendetsa wake ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata amene anakulira m'mbali mwa nyanja ndipo amadziwa mosachita kuuzidwa pamene pali ngalande ndi pamene pali mchenga.

Nkhani ya jack plate, chitsulo chokwezera ndi kutsitsira injini kumbuyo kwa boti, inalowa pakhomo pathu mwezi wina wa Okutobala, madzi atatsika kwambiri, pamene mnyamatayo anandiimbira foni dzuwa lili paliwombo n'kunena kuti, "Amalume, injini ikulira bwinobwino koma boti silikuyenda." Labala ya mkati mwa pulopela, imene imagwira chitsulo chozunguza pulopelayo, inali itathetheka chifukwa chomenya pansi, kotero kuti injini inkazungulira yokha pulopela ili chiimire. Anthu anafika kumtunda mochita kukankha ndi nsungwi, ndipo amayi ena amene ananyamula matemba oti akagulitse mumsika wa Zomba anapeza galimoto itanyamuka kale. Sikanali koyamba, ndipo ndalama yonse imene boti linapanga mwezi umenewo inathera m'manja mwa ogulitsa zipangizo ku Limbe.

Kuyambira tsiku limenelo anzanga angapo a maboti akhala akundifunsa ngati chitsulo chimene tinamangirira kumbuyo kwa boti lathu n'choyenera kuwonongerapo ndalama. Yankho langa ndi lakuti inde kwa ife, koma osati pa zifukwa zimene ogulitsa amanena, ndiponso osati kwa aliyense.

## Mwendo wautali pa boti lalifupi

Amakaniko amene amatikonzera injini ndi bambo achikulire a ku Kachulu komweko, amene anagwira ntchito nthawi yaitali pa maboti a ku Mangochi asanabwerere kwawo. Iwo atafika sanayambe n'kuyang'ana pulopela. Anapempha tepi yoyezera, nayeza thabwa lakumbuyo kwa boti kuchokera pamwamba pamene pamakhala injini kufika pansi penipeni pa boti, kenako anayeza mwendo wa injini kuchokera pa zomangira zake kufika pa chipsepse chopingasa chimene chimakhala pamwamba pa pulopela. Manambala awiriwo sanagwirizane.

Injini zimenezi zimapangidwa ndi miyendo ya misinkhu yodziwika. Mwendo waufupi ndi wa mainchesi 15, omwe ndi masentimita 38, wautali ndi wa mainchesi 20, omwe ndi masentimita 51, ndipo ulipo wa mainchesi 25 wa maboti akuluakulu. Yathu ndi Yamaha Enduro ya mphamvu ya 15 hp, ya mwendo wautali, imene tinagula kwa munthu wina wa ku Mangochi itagwirapo kale ntchito. Kumeneko mwendo wautali uli ndi chifukwa chake, popeza mafunde a mwera pa nyanja ya Malawi amafuna boti la kumbuyo kokwera kuti madzi asalowe. Koma boti lathu linakhomedwa ku Chilwa konkuno ndi mmisiri amene anazolowera injini za mwendo waufupi. Opanga injini amalangiza kuti chipsepse chopingasacho chikhale molingana ndi pansi pa boti, kapena chitsikeko pang'ono osapitirira masentimita 2 kapena 3. Chathu chinali pansi ndi masentimita pafupifupi 13.

Pa nyanja yakuya, masentimita 13 amangokudyerani petulo pang'ono n'kumathovutsira madzi m'boti. Pa Chilwa nkhani ndi ina. Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotuluka, imadalira zimene Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina yabweretsa nthawi ya dzinja, ndipo dzuwa la chilimwe limamwa gawo lake chaka ndi chaka. M'madera ambiri ndi yosazama ngakhale m'chaka chabwino, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala njira yolowera padoko imakhala ya madzi olekeza m'maondo. Pamenepo pulopela yathu inkalima matope. Kulimako kunkapha zinthu zitatu: labala ya pulopela, impela yopopa madzi oziziritsa injini imene inkaperepeseka ndi mchenga, ndi siilo ya giyabokosi imene inkadulidwa ndi ulusi wa maukonde akale okwiririka pansi. Siilo ikaduka madzi amalowa, oyilo wa magiya amasanduka wotuwa, ndipo amene sanazindikire msanga amagula giyabokosi yonse.

## Zimene mavidiyo amalonjeza

Amene anayamba kutchula jack plate ndi mnyamata wathu, ataiona pa YouTube. Ndi zitsulo ziwiri zolowana, chimodzi chomangirira ku thabwa lakumbuyo kwa boti, china chonyamula injini, ndipo chachiwirichi chimatsetsereka kukwera kapena kutsika molunjika. Zambiri zimakwera ndi kutsika pa mtunda wa mainchesi 5 kapena 6, ndipo zimakankhiranso injini kumbuyo, kutali ndi boti, ndi mainchesi 4 kufika 12 malinga ndi mtundu wake. Zilipo zopukusa ndi dzanja, zomwe mumamasula mabawuti a m'mbali n'kuzunguza bawuti lalitali lapakati, ndipo zilipo za hayidiroliki zomwe woyendetsa amangodina batani boti likuyenda. Makampani a ku America monga T-H Marine, CMC ndi Bob's Machine Shop ndi amene amadziwika nazo.

M'mavidiyowo mumaona maboti opepuka a faibala okhala ndi injini za 150 hp kapena 250 hp, a anthu owedza nsomba mwachisangalalo m'madambo a ku Florida ndi ku Texas. Amakuuzani kuti boti limanyamuka msanga, limathamanga kwambiri, ndipo limadya mafuta ochepa. Sakunama. Boti la mtundu umenewo likafika pa liwiro lake limatuluka m'madzi n'kumatsetsereka pamwamba, ndipo madzi otuluka pansi pake amakwera akafika kumbuyo, kotero kuti injini imene yasunthidwira kumbuyo ikhoza kukwezedwa pulopela ikadali m'madzi okwanira. Mwendo ukakhala wochepa m'madzi, chokoka boti kumbuyo chimachepanso, ndipo pa liwiro lalikulu kusiyanako kumaoneka.

Boti lathu silichita zimenezo ndipo silidzachita. Ndi la matabwa onenepa, limanyamula matumba a chimanga, simenti, malata, njinga ndi anthu, ndipo limayenda mong'amba madzi osati motsetsereka pamwamba pake. Liwiro la boti lotere limalamulidwa ndi kutalika ndi kulemera kwake, ndipo kukweza injini ndi masentimita ochepa sikusintha nthawi yofikira ku Chisi mwa njira yoti wokwera n'kuzindikira. Choncho mwa malonjezo onse a m'mavidiyo, limodzi lokha ndi limene linkatikhudza, lomwe ndi kuchotsa pulopela m'matope.

## Bwanji osangopendeketsa injini?

Funso ili anafunsa ndi alamu anga, amene amasunga buku la ndalama ndipo sakonda mawu akuti kugula. Injini zazing'ono zonse zili ndi malo opendeketsera poyenda m'madzi osaya, ndipo woyendetsa aliyense pa Chilwa amadziwa kukoka injini kuti mwendo utukuke. Zimathandiza pa mtunda waufupi mukuyenda pang'onopang'ono, koma injini yopendekeka simakankhanso boti molunjika kutsogolo. Mphamvu yake ina imakanikizira kumbuyo kwa boti pansi n'kutukula mutu, zomwe zikutanthauza kuti mukawonjezera moto boti limamira kwambiri mbali yomweyo imene mukufuna kuti ikwere. Kuwongola kumavutanso, ndipo kubwerera m'mbuyo injini itapendekeka n'kosadalirika.

Jack plate imakweza injini ili chilili, pulopela ikuyang'anabe kumene iyenera kuyang'ana. Kusiyana kwake kwagona pamenepo basi. Alamu anafunsanso chifukwa chimene mmisiri sangangokhomera thabwa lina pamwamba pa lakumbuyolo kuti injini ikhale pokwera mpaka kalekale, ndipo funso limeneli linali lanzeru kuposa loyamba lija. Yankho lake ndinalipeza pa madzi.

## Yogula kunja kapena yowotcherera

Ya hayidiroliki tinaisiya tsiku lomwelo. Imafuna batire ya 12V ndi njira yoitchajira, pamene injini yathu ndi yolizira ndi chingwe ndipo m'boti mulibe waya ngakhale mmodzi. Pampu yake ikafa, palibe pa Kachulu amene angaitsegule, ndipo mtengo wake ukaphatikiza kunyamula ndi msonkho umayandikira wa injini yogwirapo kale ntchito. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, chilichonse chogulidwa ndi madola chinachoka pa msinkhu wa boti la matola, ndipo pambuyo pake inadzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale yopukusa ndi dzanja ya aluminiyamu yochokera kunja inali ndi vuto lake, chifukwa zambiri zimabooledwa moyenerera injini zazikulu zomangidwa ndi mabawuti, pamene yathu imagwira ndi zomangira ziwiri zopota ndi dzanja ndipo timaichotsa usiku uliwonse poopa akuba.

Tinapita kwa owotcherera zitsulo ku Chinamwali ndi chithunzi chojambula pa pepala. Anagwiritsa ntchito zitsulo za ngodya zonenepa, nadula mipata italiitali iwiri mbali iliyonse yoti mabawuti aziyendamo, naika bawuti lalitali pakati lokwezera, ndipo kumaso kwake tinamangirirako thabwa la mlombwa loti zomangira za injini zizilumapo, popeza pa chitsulo chosalala zimaterereka. Amakaniko anaumirira zinthu ziwiri: kuti injini isasunthire kumbuyo kupitirira masentimita 10, ndiponso kuti pakhale mphete yomangirirapo tcheni kuti injini ikamasuka isamire. Tinaipaka penti yoletsa dzimbiri n'kuikweza pa lole ya m'mawa yopita kunyanja.

## Tsiku loyesa

Tinanyamuka pa Kachulu m'mawa, boti litadzaza ndi simenti ndi malata a munthu wina amene ankamanga nyumba ku Chisi, kuphatikizapo anthu okwera. Amakaniko anakhala kumbuyo pafupi ndi mnyamata, sipanala ili m'thumba la malaya. Tisanalize injini anagwada, napisa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono kuti akhudze pansi pa boti ndi chipsepse chija, kenako anapukusa bawuti lapakati mpaka injini inakwera pafupifupi mapeto a mipata yake. Boti lolemera limamira kumbuyo, kotero ngakhale injini inali itakwera chotero, timabowo tolowera madzi oziziritsa, tomwe tili m'mbali mwa mwendo kunsi kwa chipsepse, tinali tikadali pansi pa madzi bwino lomwe.

Tinalowa mu ngalande imene masiku onse mnyamata ankazimitsa injini n'kutola nsungwi. Ine ndinkayang'ana kumbuyo. Kale pamalo amenewa boti linkasiya mzere wakuda wa matope ovunduka, ndipo injini inkasintha kaliridwe ngati ikutsamwa. Tsiku limeneli madzi a kumbuyo anakhalabe otuwa monga a Chilwa amakhalira, njedza zinkadutsa m'mbali mwathu, ndipo tinapitirira boti lina limene anyamata awiri ankalikankha thukuta lili kamukamu. Mmodzi wa iwo anakuwa kufunsa ngati tagula injini yatsopano. Mnyamata wathu anaseka osayankha, ndipo ine mumtima ndinali nditamaliza kale kuwerengera phindu.

Ku Chisi tinatsitsa katundu yense, ndipo pobwerera tinatsala anthu atatu okha m'boti lopanda kanthu. Mnyamata anagwira chingwe kuti alize injini, ndipo amakaniko sananene chilichonse, koma anasuntha n'kukhala poti akuona kumbuyo kwa injini. Titatuluka m'bango n'kufika poyera, kamphepo kanali katayamba ndipo timafunde tinkanyamula boti. Mnyamata atawonjezera moto, injini inakuwa mwadzidzidzi mopanda mphamvu, boti n'kuchita ngati laima, kenako inagwiranso. Pulopela inali ikumeza mpweya. Nthawi yomweyo amakaniko analoza ndi chala kamtsinje kakang'ono kamene kamatuluka kumbali kwa injini kosonyeza kuti madzi oziziritsa akuyenda. Kanali kakudukizadukiza, kenako kanangotsala madontho.

"Zimitsa, mwanawe," anatero mosakweza mawu.

Injini itazima anaika chikhato pa chivundikiro chake, kenako anatenga dzanja la mnyamatayo n'kuligwiritsa pamalo omwewo. Anamufunsa kuti, "Injini yako ikasiya kukodza, umamva ndi khutu kapena umaona ndi maso?" Mnyamata anayankha kuti, "Ndimaona ndi maso, madala." Iwo anati, "Ndiye maso ako anali kuti?" Anali kutsogolo, kumene maso a woyendetsa aliyense amakhala.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ndinasiya dala osatsitsa kuti muone nokha. Simenti ija ndi imene inkamiza timabowo. Taitsitsa, boti lakwera, injini yakwera nalo. Chitsulo chanuchi chilibe nzeru, chimakhala pamene mwachisiya. Impela ndi labala, ikazungulira youma imapsa musanamalize kupatsana moni, ndipo ikapsa pakati pa nyanja chotsatira ndi mapisitoni." Anamasula mabawuti a m'mbali, napukusa lapakati kutsitsa injini pafupifupi zala zitatu, namanganso. Titaliza, kamtsinje kaja kanatuluka mwamphamvu, ndipo anatiuza kuti tigwire madzi ake kuti timve kuti ndi ofunda chabe, osati otentha.

Tili chiyandamire pomwepo anatulutsa msomali n'kukanda mizere iwiri pa chitsulo, wapamwamba wa boti lodzaza ndi wapansi wa boti lopanda katundu.

## Zimene mizere iwiri inasintha

Pamenepo ndi pamene funso la alamu anga linayankhidwa. Thabwa lokhomera pamwamba limapereka msinkhu umodzi wokha, ndipo mukasankha msinkhu woti injini isapse boti likakhala lopanda kanthu, mumataya masentimita angapo amene boti lodzaza likanapindula nawo, pomwe boti lodzaza ndi limene limakhudza pansi. Phindu lenileni la jack plate pa boti la katundu ndi lakuti msinkhu wa injini umatsata kulemera kwa tsikulo. Kwa msodzi amene boti lake limanyamula khoka ndi anthu omwewo tsiku lililonse, phindu limeneli ndi lochepa. Kwa ife amene timapita ndi simenti n'kubwera ndi madengu a nsomba zouma, ndi lalikulu.

Koma chitsulochi chinabweretsanso ntchito imene kale kunalibe. Mizere ija tinaipaka penti yofiira, ndipo mnyamata saliza injini asanaone kuti ili pa mzere uti. Yopukusa ndi dzanja sisinthidwa boti likuyenda, kotero amaikonza padoko anthu akukwera, ndipo okwera ena amadandaula kuti akuchedwa. Anaphunziranso kucheuka pafupipafupi kuyang'ana kamtsinje kaja, makamaka pokhota ndi pamene mafunde akubwera chakumbuyo, chifukwa nthawi zimenezo ndi pamene mwendo umatuluka m'madzi. Mphepo ikakula amatsitsa injini kufika pa mzere wapansi ngakhale boti litadzaza, popeza pakati pa nyanja palibe matope oti awaope koma pali mafunde.

Chimene ndingachitire umboni ndi chakuti ulendo wa ku Limbe wokagula pulopela ndi impela unachepa kwambiri, ndipo oyilo wa magiya akamatsitsidwa amatuluka ali ndi mtundu wake. Pa petulo kusiyana kulipo koma n'kochepa, ndipo kumachokera pa kusalima matope osati pa liwiro. Amene angagule chitsulochi poganiza kuti chidzabweza ndalama zake kudzera pa mafuta adikira nthawi yaitali.

Ndiyeneranso kunena kuti jack plate sichepetsa kumira kwa boti lenilenilo. Pansi pa boti pakakhudza matope, nsungwi ndi imene imagwira ntchito, injini ikhale pamwamba kapena pansi. Amene anaona 1995 kapena 2018, pamene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda pansi m'malo amene kale munkadutsa maboti, akudziwa kuti pali zaka zimene palibe chitsulo chingathandize, ndipo akuluakulu amakumbukiranso za 1968. Chimene chitsulochi chimagula ndi masabata a kumapeto kwa chilimwe, pamene madzi akwanira boti koma sakukwanira mwendo wa injini. Ndipo pali nyengo zina zimene chimangokhala. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 madzi anakwera kwambiri, ndipo kwa miyezi yambiri panalibe chifukwa chokwezera injini kupitirira mzere wapansi.

## Thabwa lakumbuyo ndi mchere

Mtengo wina wa jack plate suoneka tsiku logula. Injini ya 15 hp imalemera makilogalamu pafupifupi 40, ndipo ya 40 hp imapitirira 70. Ikakhala pa thabwa mwachindunji kulemera kwake kumatsikira pansi, koma ikasunthira kumbuyo n'kukwera imayamba kulikoka thabwalo molipotokola, monga mmene chidebe cha madzi chimalemerera mukachinyamula mkono uli wotambasula kusiyana ndi pamene chili pafupi ndi thupi. Mafunde aliwonse ndi kuwonjezera moto kulikonse kumagwedeza misomali ya m'makona. Patapita nyengo imodzi tinaona kamng'alu kocheperako pamene thabwa lakumbuyo limakumana ndi la m'mbali, ndipo madzi anayamba kuchucha. Mmisiri anaikamo mitanda iwiri yochirikiza mkati, nasintha mabawuti kuti adutse thabwa lonse n'kukagwira pa chitsulo chachikulu chamkati m'malo mwa mawashala ang'onoang'ono amene ankalowa mu mtengo. Ndi chifukwa chake amakaniko anakana kuti injini isunthire kutali, ndipo boti la thabwa lofumbwa kapena lowola siliyenera kuyesa n'komwe.

Chachiwiri ndi madzi a Chilwa, amene ali ndi mchere wake, ndipo mcherewo umawonjezeka madzi akamatsika, nthawi yomweyo imene chitsulochi chikugwira ntchito kwambiri. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri msanga, ndipo bawuti lapakati likauma silizungulira, zomwe zimasandutsa jack plate kukhala thabwa lokhomera lomwe lija koma lokwera mtengo. Timalipaka girizi sabata iliyonse, ndipo penti timabwereza nyengo ya madzi ambiri. Ya aluminiyamu imapirira bwino, komabe pamene aluminiyamu wakhudzana ndi bawuti la chitsulo china m'madzi a mchere pamadyeka, kotero nayonso imafuna girizi.

Pali tinthu tinanso timene munthu amatizindikira akayamba kugwiritsa ntchito. Chogwirira chowongolera chimakhala kutali ndi pokwera kusiyana ndi kale, kotero tinasuntha mpando wa woyendetsa. Paipi ya petulo inafupika ndipo tinagula ina. Kuika injini pa boti ndi kuichotsa madzulo kumafuna anthu awiri, chifukwa munthu mmodzi amayenera kuweramira kunja kwa boti atanyamula makilogalamu 40.

## Mnzanga wa boti la buluu

Mwini boti lina la pa Kachulu, amene ndimakumana naye kawirikawiri mu minibasi, anandiimitsa tsiku lina padoko n'kunena kuti wasonkhanitsa ndalama ndipo akufuna ndimulozere owotcherera aja. Iye ali ndi injini ya 25 hp, ndipo ankakhulupirira kuti chitsulocho chimuthandiza kupitirira maboti ena pa mpikisano wolanda okwera. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, tiyeni tiyambe tayeza."

Tinabwereka tepi n'kulowa m'madzi. Injini yake inali ya mwendo waufupi, thabwa lake lakumbuyo linali la msinkhu woyenerera mwendowo, ndipo chipsepse chinali pansi pa boti ndi masentimita 4 okha. Pa boti lotere jack plate ilibe malo okwezera, chifukwa mukangopukusa pang'ono timabowo ta madzi tayandikira kale pamwamba, ndipo chimene mwagula ndi kulemera kwina kumbuyo ndi njira yatsopano yowotchera injini. Katundu wakenso sasinthasintha kwambiri, popeza amanyamula anthu popita ndi pobwera. Ndinamuuza kuti chitsulochi chimayenera munthu amene zinthu zitatu zamukumanira: mwendo wa injini ndi wautali kuposa boti, kulemera kwa katundu kumasiyana kwambiri ulendo ndi ulendo, ndipo ali ndi woyendetsa amene angamukhulupirire kuti azicheuka. Iye anali ndi chachitatu chokha.

Sanakondwere, chifukwa munthu akatsimikiza kugula chinthu safuna kuuzidwa kuti asunge ndalama zake. Anapita kukafunsanso amakaniko aja, amene anayeza kachiwiri n'kumuuza zomwezo. Mapeto ake mmisiri anamudulira kathabwa ka mlombwa konenepa masentimita 3, nakakhomera pamwamba pa thabwa lakumbuyo pamene zomangira za injini zimakhala, ndipo ntchito yonse inatha asanaphike nsima ya masana. Ndalama zotsalazo anagulira impela yapadera, siilo ziwiri za giyabokosi ndi majekete oyandamitsa a okwera, amene boti lake linalibe okwanira.